Kamera yojambulira ndege zankhondo zakale: kuyerekeza njira zisanu kwa munthu wochokera ku Mzuzu

Munthu wa ku Mzuzu amene akufuna kujambula ndege zankhondo zakale zikuuluka ayenera kukonzekera ulendo, pakuti zionetsero zapafupi zimene ndegezi zimaulukako zili ku South Africa. Pa bwalo la Swartkop ku Pretoria, lomwe linakhazikitsidwa mu 1921, pali nyumba yosungira mbiri ya asilikali apamlengalenga a dzikolo, ndipo imaulutsa ndege zake zakale monga Harvard pamodzi ndi mahelikopita a Alouette ndi Puma. Pa bwalo la Waterkloof, ku Pretoria komweko, pamachitika chionetsero cha Africa Aerospace and Defence m'mwezi wa Sepitembala kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo bwalo la Rand ku Germiston nalonso limadziwika ndi zionetsero za ndege zakale. Ofuna kuona Spitfire, Hurricane ndi Lancaster, ndege za pa Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse, amalowera ku England, ku Duxford kapena ku Old Warden, koma ulendo umenewo umafuna viza, pamene Mmalawi amalowa ku South Africa kwa masiku 30 popanda viza.

Zimenezi zikutanthauza kuti kamera imene mungagule idzaona ndege masiku awiri kapena atatu pa chaka, mwinanso pa zaka ziwiri, ndipo masiku ena onse idzakhala kuno m'chinyezi cha Mzuzu. Mfundo imeneyi ndi imene yatsogolera kuyerekeza konse kuli m'munsimu.

Miyeso yoyenera kuyamba nayo

Muyeso woyamba, ndipo kwa ine ndi umene ukuposa ina yonse, ndi woti kamera ikuloleni kusankha nokha liwiro la shata, kachitseko kamene kamatseguka kanthawi kochepa kuti kuwala kulowe pojambula. Ndege zambiri zankhondo zakale zimayenda ndi pulopela, ndipo chithunzi chimene pulopela yaima ngati mtanda chimaonetsa ndege yooneka ngati injini yake yathima m'mwamba. Injini ya Harvard, ya mtundu wa Pratt & Whitney R-1340, imazungulira ka 2,250 pa mphindi imodzi ndege ikamanyamuka, kutanthauza kuzungulira ka 37 ndi theka pa sekondi. Mukajambula shata ili pa 1/2000 ya sekondi, phiko la pulopela limasuntha madigiri 7 okha ndipo limaoneka louma. Pa 1/250 limasuntha madigiri 54, ndipo diso limaona kuti ndege ikuuluka ndithu. Kuti pulopela ya mapiko awiri ioneke ngati chozungulira chathunthu pamafunika 1/75 kapena kutsikirapo. Mahelikopita amafuna shata yochedwa kuposa pamenepa chifukwa mapiko awo amazungulira pang'onopang'ono, pamene ndege za jeti monga Impala zilibe vutoli ndipo mungazijambule pa 1/1000 kapena kupitirira.

Shata yochedwa imabweretsa vuto lake. Dzuwa likaswa mtengo, pa ISO 100 (ISO ndi muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala), liwiro la 1/250 limafuna kuti chibowo cha lenzi chitsekedwe kufika f/11, ndipo 1/125 imafuna f/16; nambala ya f ikamakwera, chibowo chimachepa. Kamera imene singatseke chibowo kufika pamenepo idzatulutsa chithunzi choyererako pokhapokha mutaika galasi lochepetsa kuwala, lotchedwa ND, kutsogolo kwa lenzi.

Muyeso wachiwiri ndi kutalika kwa lenzi. Ndege za pa chionetsero zimadutsa patali ndi khamu la anthu, mamita 200, 300 kapena kuposa, chifukwa cha malamulo a chitetezo. Mapiko a Harvard ndi otalika mamita 12.8 kuchokera nsonga ina kufika ina. Pa mtunda wa mamita 300, lenzi ya 400mm pa kamera ya sensa ya APS-C (sensa ndi kachipangizo kolandira kuwala, ndipo APS-C ndi ya kukula kwapakati) imaona m'lifupi mwa mamita pafupifupi 18, choncho ndegeyo imadzaza magawo atatu mwa anayi a chithunzi. Lenzi yanthawi zonse ya foni pa mtunda womwewo imaona mamita oposa 400, ndipo Harvard imatsala kadontho.

Muyeso wachitatu ndi fokasi yotsatira chinthu chothamanga, pamodzi ndi chiwerengero cha zithunzi zimene kamera imajambula pa sekondi. Pojambula ndi shata yochedwa zithunzi zambiri zimagwedezeka, ndiye kamera yojambula motsatizana mofulumira imakupatsani mwayi woti chimodzi mwa khumi chituluke chakuthwa. Wachinayi ndi ntchito imene kamerayo idzagwira mukabwerera kumudzi, ndi mmene idzapiririre nyengo yathu.

Njira yoyamba: foni imene muli nayo kale

Mtengo. Simulipira kanthu kupatula chosungira moto chapadera, popeza tsiku lonse padzuwa limamaliza batire masana asanakwane.

Kapezekedwe. Ili m'thumba mwanu.

Kasamalidwe. Kupukuta galasi ndi kusiya malo okwanira osungira zithunzi.

Zovuta zake. Chibowo cha lenzi ya mafoni ambiri sichisinthika, ndipo n'chotseguka kwambiri, pafupifupi f/1.8. Masana foni imakakamizika kusankha shata yofulumira koposa, motero pulopela imauma, ndipo nthawi zina imaoneka yopindika chifukwa sensa imawerenga chithunzi mzere ndi mzere pulopela ikusuntha. Ngakhale mafoni okhala ndi lenzi yokoka kasanu amaona mamita pafupifupi 90 pa mtunda tatchula uja. Komabe foni isanyozedwe pa ndege zoimikidwa pansi. M'nyumba zosungira ndege, momwe mumakhala mdima ndi mpanipani, foni imajambula bwino zolembedwa pa thupi la ndege, mawotchi a m'chipinda cha woyendetsa ndi masilinda a injini, ndipo imalowa m'makona mmene lenzi yaitali singathe.

Njira yachiwiri: kamera ya lenzi yosachotseka yokoka patali

Awa ndi makamera monga Nikon P950 ya mu 2020, yokoka kuchokera 24mm kufika 2000mm, ndi Nikon P1000 ya mu 2018, yofika 3000mm. M'gulu lomweli muli Sony RX10 IV ya mu 2017, yomwe imalekeza pa 600mm koma ndi yosiyana kwambiri ndi inzake.

Mtengo. P950 inatuluka pa madola 799 a ku America ndipo P1000 pa madola 999, pamene RX10 IV inatuluka pa madola 1,699. Ubwino wake ndi woti mumalipira kamodzi, palibe lenzi ina yogula. Onjezerani galasi la ND la kukula kwa 67mm pa P950 kapena 77mm pa P1000.

Kapezekedwe. Musayembekezere kuipeza pa shelefu mu Mzuzu. Njira yodalirika ndi kutuma wachibale amene ali ku Joni kapena kuigula nokha mukafika, koma ngati mwasankha kugula pa ulendo, fikani masiku angapo chionetsero chisanayambe kuti muizolowere.

Kasamalidwe. Apa ndi pamene kamera imeneyi imapambana. Popeza lenzi sichotsedwa, fumbi silifika pa sensa kawirikawiri. Koma likafika, kapena chuku chikamera m'kati mwa lenzi, simungathe kutsegula nokha, ndipo kamera yonse imayenera kupita kwa mmisiri kunja.

Zovuta zake. Nambala ya 3000mm imakopa, koma pa chionetsero siigwira ntchito. Ndege yothamanga siikhala m'chithunzi pa kutalika kotere, ndipo mpweya wotentha wokwera kuchokera pa phula la bwalo umapotoza chilichonse chakutali, makamaka masana a Sepitembala pamene kumtunda kwa Gauteng, chigawo cha Pretoria ndi Joni, kuli kouma, kwafumbi ndi utsi wa moto wolusa. Mudzapezeka mukugwiritsa ntchito 400mm mpaka 800mm basi. Sensa ya P950 ndi P1000 ndi yaing'ono ngati ya foni, fokasi yake imachedwa kutsatira chinthu chobwera molunjika, ndipo makamera ambiri a sensa yotere amalekeza kutseka chibowo cha lenzi pafupifupi pa f/8. RX10 IV ili ndi sensa ya inchi imodzi, fokasi yofulumira ndi zithunzi 24 pa sekondi, choncho imatsatira ndege bwino, koma mtengo wake ukuyandikira wa njira yachinayi.

Njira yachitatu: DSLR yakaunjika ndi lenzi yaitali

Njira imeneyi ndi imene ndikufuna kuchedwapo, chifukwa ndi imene imakwanira anthu ambiri a kuno, komanso ndi imene munthu angataye nayo ndalama mosavuta. Makampani a Canon ndi Nikon anatembenukira ku makamera opanda kalilole, ndipo ojambula ambiri kunja akugulitsa ma DSLR awo, omwe ndi makamera a malenzi osinthika okhala ndi kalilole m'kati. Canon 7D Mark II ya mu 2014 ndi Nikon D500 ya mu 2016 zinapangidwira masewera ndi nyama zakutchire, zonse zimajambula zithunzi 10 pa sekondi, ndipo fokasi yake imatsatira ndege popanda vuto. Nikon D7200 ndi Canon 80D ndi zochepera mphamvu pang'ono koma zimagwira ntchitoyi. Pa lenzi, wa thumba lochepa angayambe ndi 70-300mm, yomwe ndi yofupikirapo koma imakwana ndege zikamauluka m'gulu kapena zikamayenda pansi. Woonjezera ndalama amatenga Sigma kapena Tamron ya 150-600mm, kapena Nikon 200-500mm.

Mtengo. 7D Mark II inatuluka pa madola 1,799 ndipo D500 pa madola 1,999, koma akaunjika amagulitsidwa motsika kwambiri kuposa pamenepo. Lenzi siitsika mtengo mofulumira ngati kamera, ndipo si zachilendo kuti lenzi idule kuposa kamera imene yamangidwapo. Ngati ndalama sizikukwanira zonse ziwiri, chepetsani pa kamera, osati pa lenzi. Muwerengerenso msonkho wolowetsera katundu m'dziko ndi kusowa kwa ndalama zakunja, zomwe zimapangitsa mtengo wa pa intaneti kukhala chiyambi chabe cha mtengo weniweni.

Kapezekedwe. Ma DSLR a Canon ndi Nikon ndi amene ojambula maukwati ndi zinkhoswe m'Malawi muno amagwiritsa ntchito kwambiri, choncho mabatire, machaja ndi malenzi aafupi amapezeka kudzera kwa anzanu kapena m'magulu ogulitsirana pa Facebook ndi WhatsApp. Malenzi aatali ndiwo osowa, ndipo kawirikawiri amachokera ku South Africa kapena ku Ulaya. Pogula, funsani chiwerengero cha zithunzi zimene shata yajambulapo kale. Ya 7D Mark II ndi ya D500 inapangidwa kuti ifike 200,000, ndipo kamera imene inali ya maukwati ingakhale itadya gawo lalikulu la moyo wakewo. Unikani m'kati mwa lenzi ndi tochi, ndipo mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, musagule ngakhale mtengo utatsika bwanji.

Kasamalidwe. Mzuzu ndi malo oipa kwa magalasi a kamera. Mvula imachedwa kuleka, nkhungu imaphimba tauni m'mamawa, ndipo m'nyumba zambiri za ku Chibavi, Mchengautuwa kapena Luwinga nsapato zachikopa zimachita chuku m'kabati; lenzi yosiyidwa m'chikwama chake miyezi itatu ya dzinja imachita chimodzimodzi. Kabati yamagetsi youmitsira makamera ndi yabwino, koma magetsi akathima maola ambiri imaleka kugwira ntchito. Chodalirika ndi bokosi la pulasitiki lotseka mpweya, timatumba ta silika toyamwa chinyezi, ndi kachipangizo kotsika mtengo koyezera chinyezi, komwe kayenera kuonetsa pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Silika ikakhuta imaumitsidwa mu uvuni n'kubwezeretsedwa. Lenzi imene imatuluka panja kawirikawiri siichita chuku msanga ngati yongogona.

Fumbi la pa sensa ndi nkhani ina imene imavuta ojambula ndege kuposa ena onse. Pa f/4 silioneka, koma pa f/16, kumbuyo kuli thambo loyera, kafumbi kalikonse kamatuluka ngati banga. Phunzirani kupukuta sensa nokha ndi kapopu kopemerera ndi timitengo topukutira, ndipo pa bwalo musasinthe lenzi mphepo ikuomba. Galasi la ND limathandizanso pano, chifukwa limakulolani kukhala pa f/8.

Zovuta zake. Kulemera ndiye koyamba. Lenzi ya 150-600mm imalemera makilogalamu pafupifupi 2, ya Nikon 200-500mm makilogalamu 2.3, ndipo kuinyamula chakumwamba kuyambira mamawa mpaka madzulo kumatopetsa mapewa. Chachiwiri, katundu wakaunjika alibe chitsimikizo, ndipo fokasi ya lenzi ikafa palibe wokonza pafupi. Chachitatu, zida zazikulu zimaitana maso pa malo okwerera basi ndi m'misewu ya Joni, choncho chikwama chosaoneka ngati cha kamera chimathandiza.

Njira yachinayi: kamera yatsopano yopanda kalilole

Canon R7 ya mu 2022 yokhala ndi lenzi ya RF 100-400mm, kapena Sony a6700 ya mu 2023, yomwe imatha kuzindikira ndege yokha n'kuikapo fokasi, ndi zitsanzo za njira imeneyi.

Mtengo. R7 inatuluka pa madola 1,499 ndipo lenzi ija pa madola 649. A6700 inatuluka pa madola 1,399 yopanda lenzi. Muonjezere mabatire awiri ndi makhadi osungira zithunzi ofulumira.

Kapezekedwe. Imagulidwa mosavuta ku South Africa, ndipo mlendo angathe kupempha kubwezeredwa msonkho wa VAT pa bwalo la OR Tambo ngati wasunga malisiti oyenera. Kuno zipangizo zake zing'onozing'ono n'zosowabe. Amene ali kale ndi malenzi a Canon EF kapena Nikon F angawamange pa makamera atsopano a kampani yomweyo pogwiritsa ntchito cholumikizira, zomwe zimachepetsa kwambiri mtengo.

Kasamalidwe. Za chinyezi ndi zofanana ndi za DSLR. Sensa imakhala poyera kwambiri popeza palibe kalilole kutsogolo kwake, ndipo batire limatha msanga chifukwa choonera chake n'chamagetsi. Mabatire a lithiamu apadera amaloledwa m'chikwama cha m'manja mokha pokwera ndege, ndipo mapulagi a ku South Africa ndi osiyana ndi athu, ndiye cholumikizira pulagi chisaiwalike.

Zovuta zake. Chitsimikizo cha kamera yogulidwa kunja chimagwira ntchito kunja komweko, ndipo kuitumiza kokakonza kumadya nthawi ndi ndalama. Pali msampha wina umene otsatsa malonda satchula: liwiro lalikulu limene amalengeza limakhala la shata yamagetsi, ndipo pa makamera ambiri a mtengo wapakati shata imeneyi imapinda pulopela monga mmene foni imachitira. Pa ndege za pulopela gwiritsani ntchito shata yamakina, imene pa R7 imafika zithunzi 15 pa sekondi. Phindu lenileni la njirayi ndi kupepuka, pakuti RF 100-400mm imalemera magalamu 635 okha, ngakhale kuti pa 400mm chibowo chake chimayambira f/8 ndipo kukachita mitambo madzulo mumayenera kukweza ISO.

Njira yachisanu: kubwereka lenzi komweko

Mtengo. Kubwereka kwa masiku atatu ndi kagawo kochepa ka mtengo wogulira, koma obwereketsa amafuna chikole, chiphaso ndi khadi la kubanki, ndipo mlendo angafunsidwe zambiri kuposa nzika.

Kapezekedwe. Ku Johannesburg ndi Pretoria kuli makampani obwereketsa makamera ndi malenzi. Sabata ya chionetsero chachikulu malenzi aatali amatha msanga, ndiye lembani kalata ndi kusungitsa pasadakhale.

Kasamalidwe. Palibe chuku chodera nkhawa, palibe msonkho wa pa chipata.

Zovuta zake. Mukaphwanya mumalipira. Choposa pamenepo, kutsatira ndege ndi lenzi yaitali pa 1/200 ndi luso la m'chiuno ndi m'mapewa, lofuna kuti mapazi aime chilili, zigongono zikhale pa nthiti ndipo thupi lizungulire mosalala ngakhale mutatha kudina. Luso limeneli siliphunziridwa m'mawa wa chionetsero ndi lenzi imene mwaigwira dzulo. N'chifukwa chake ndimaona kuti kubwereka kumayenera munthu amene ali kale ndi kamera yake ndi lenzi yaifupi, wodziwa mabatani ake ngakhale atatsinzina.

Malo ophunzirira alipo kuno. Njinga zamoto za kabaza zodutsa pa msewu wa M1 cha ku Katoto zimaphunzitsa kutsatira chinthu ndi shata yochedwa, ndipo masipoko ake amaonetsa zimene pulopela idzachite. Nkhwazi za ku Nkhata Bay zimaphunzitsa kujambula chinthu chakuda pa thambo lowala, pomwe muyenera kuonjezera kuwala ndi sitepe imodzi (kutanthauza kukuwirikiza kawiri) kapena kuchepera kuti mimba ya ndege isade bii. Koma musayese kuphunzirira pa bwalo la ndege la Mzuzu kapena pafupi ndi Moyale Barracks popanda chilolezo, chifukwa malo otere ndi otetezedwa ndi lamulo ndipo kamera ingalandidwe.

Njira iti kwa yani

Ngati mukupita ku Pretoria kapena ku Joni pa zifukwa zina, ndipo chionetsero changogwera m'masiku omwewo, nyamulani foni, jambulani ndege zoimikidwa pansi, ndipo zouluka muzione ndi maso.

Ngati mukufuna kamera imodzi ya banja, yopita nayo ku Nyika, ku Vwaza ndi kunyanja, ndipo ndege ndi gawo limodzi chabe la zokonda zanu, P950 ndi galasi la ND zikukwanirani, malinga muvomere kuti zithunzi zambiri za ndege zothamanga zidzatayidwa.

Wojambula maukwati amene ali kale ndi Canon kapena Nikon asagule kamera ina. Pa ulendo woyamba abwereke lenzi ya 150-600mm, ndipo aigule pokhapokha ngati waona kuti adzaigwiritsanso ntchito pa mpira ku Mzuzu Stadium kapena pa mbalame, pakuti lenzi yogona chaka chonse mu Mzuzu imatha ndi chuku isanabweze ndalama yake.

Amene akuyamba wopanda kalikonse, ali ndi ndalama zapakati, ndipo watsimikiza kuti ndege zakale ndiye chimene akufuna kujambula, atenge DSLR yakaunjika ya gulu la D500, 7D Mark II kapena D7200, aike ndalama zambiri pa lenzi, ndipo bokosi la silika aligule tsiku lomwelo. Kamera yatsopano yopanda kalilole ndi ya munthu amene amayenda kunja kawirikawiri moti angathe kuibweza kokakonza, kapena amene mapewa ake sangapirire makilogalamu atatu tsiku lonse, ndipo kwa wokonzekera ulendo wa ku Duxford, komwe mitambo imachuluka ndipo katundu wa m'manja mu ndege amayezedwa, kupepuka kwake ndi fokasi yake zikuyenera mtengowo.